After Robots ya BLK JKS: chimbale chofuna sipika yabwino ndi munthu wosapupuluma

Chimbale choyamba cha BLK JKS, gulu la rock la kuno ku Johannesburg, chotchedwa After Robots, si choti munthu n'kuika paukwati kapena pachinkhoswe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akwathu ndimawadziwa. Tikangomva kuti anyamata a m'malokeshoni a kuno atulutsa nyimbo, timayembekezera kwaito kapena amapiano, zoti usanamalize n'komwe kutsegula voliyumu m'chiuno mwayamba kale kugwedezeka. Muno mulibe zimenezo. Muli magitala awiri olira mokalipa, besi, ng'oma zosapuma, malipenga, ndi mawu a munthu amene nthawi zina amamveka ngati akuimbira kuseri kwa khoma. Pamalo pomwe ndinachigula anachiika pashelefu ya pop ndi rock, pakati pa magulu a azungu, koma pop yake ndi yochepa zedi. Komabe ine ndikuti ichi n'chimodzi mwa zimbale zamphamvu zomwe ana a mumzinda uno wa Johannesburg anatulutsapo, ndipo Mmalawi aliyense amene anagwirapo gitala kapena timitengo ta ng'oma ayenera kuchimvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza.

Ine ndine telala. Ndimasoka m'kachipinda kena ku Mayfair, makamaka kupinda mathalauza, kusintha mazipi ndi kusoka madiresi a zitenje za amayi a kumpingo. Lamulungu ndimaliza besi kutchalitchi kwathu komwe timapemphera m'Chichewa. Choncho khutu langa limathamangira pansi, kwa besi ndi ng'oma, ndipo mukaona kuti za magitala ndangodutsamo mwachangu, chifukwa chake n'chimenecho.

Dzina la gululi amalemba BLK JKS koma potchula amati Black Jacks. Pachimbalechi pali anyamata anayi. Lindani Buthelezi ndiye wotsogolera kuimba, ndiponso amaliza gitala. Mpumelelo Mcata, amene ambiri amangomuti Mpumi, ali pa gitala inayo. Awiriwa anakulira limodzi ku Spruitview, kufupi ndi Katlehong ndi Vosloorus, uko ku East Rand. Molefi Makananise wa besi ndi Tshepang Ramoba wa ng'oma ndi a ku Soweto. Ife okwera matakisi tikudziwa kutalikirana kwa malo awiriwa: uyenera kutsika kaye m'tauni, kuboola m'chipwirikiti cha ku Noord kapena ku Bree, n'kukaima pamzere wina. Ndiye taganizani mukuchita zimenezo mutanyamula gitala kumsana ndi masimbale a ng'oma m'chikwama. Dzina la chimbale nalo n'la m'takisi momwemo, mawu aja timakuwa tili kumpando wakumbuyo kuti adalaivala atitsitse akangodutsa maloboti.

Chodabwitsa n'chakuti sanachijambulire kuno. Anyamatawa anatchuka kunja asanatchuke kwawo. Mu 2008 anali kale pachikuto cha magazini ya ku America yotchedwa The Fader, ndipo anatulutsanso kachimbale ka nyimbo zinayi kotchedwa Mystery. Kampani imene inawatenga ndi Secretly Canadian, yomwe ngakhale dzina lake likutchula Canada ili ku Bloomington, m'chigawo cha Indiana ku America. Ndi kampani yoima payokha, yosakhala pansi pa zimphona zija za Sony kapena Universal. Ku Bloomington komweko n'kumene anakajambula, nyengo yozizira, ndipo amene anayendetsa ntchito ya mu situdiyo ndi Brandon Curtis wa gulu la Secret Machines. Malipenga amene mumawamva si a gululi ayi, ndi a Hypnotic Brass Ensemble, abale a bambo mmodzi ochokera ku Chicago, ana a katswiri wa lipenga la jazz, Phil Cohran. Chimbalechi chinatuluka mu Seputembala 2009, chili ndi nyimbo 9, ndipo sichikwana ola limodzi.

Mu 2009 momwemo ine sindinachimve n'komwe. Tinali tidakali ndi mantha a Meyi 2008, pamene zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira dziko lonse, anthu 62 n'kutaya miyoyo. Masiku amenewo Mmalawi akaweruka ankalunjika kunyumba, n'kutseka chitseko. Zomakaonera magulu oimba usiku ku Melville kapena ku Newtown zinali za eni dziko. CD yake ndinaipeza patadutsa zaka zambiri pamalo ena ogulitsa zakale, chikwama chake chitang'aluka pakona, pamtengo wa R50. Ndinaigula chifukwa cha nkhope zakuda zinayi pashelefu ya rock, basi.

Nyimbo yotsegulira, Molalatladi, sikupatsa mpata woti ukhazikike pampando. Ng'oma zimangolowa zikuthamanga kale, mawu n'kubwera ambirimbiri ngati anthu akuyankhizana, kenako malipenga. Apa mpomwe ndinamudziwira Tshepang Ramoba, ndipo kwa ine iyeyu ndiye mwini chimbale chonsechi. Woliza ng'oma za rock wamba ntchito yake n'njodziwika: phazi limenye, dzanja liyankhe, phazi limenye, dzanja liyankhe, enawo azikwera pamwamba. Tshepang satero. Umamva ngati phazi likuwerenga ziwiri pamene manja akuwerenga zitatu, ndipo zonsezi zikukumana pamalo amodzi osaphonyana. Amene munakulira kuchigawo chapakati mukuzidziwa zimenezi, ngakhale simunaziphunzire kusukulu. Pabwalo la gule (abusa andikhululukire, ndinkaonerera ndili mwana) ng'oma zimagawana ntchito, mpanje akugwira pake osasuntha, mbalule ikulankhula ndi mapazi a wovina. Kumeneko pamafunika amuna angapo. Mnyamatayu akuchita zimenezo yekha, ndi manja awiri ndi mapazi awiri, ndipo akuchita mothamanga.

Tsono ng'oma zikatanganidwa chotere, wa besi ali ndi njira ziwiri. Atha kuthamanga nawo, zonse n'kusanduka phala, kapena atha kuima nji kuti enawo akhale ndi pobwerera. Molefi Makananise nthawi zambiri amasankha yachiwiriyi, ndipo n'chimene ndimamulemekezera. Ife a besi za kutchalitchi tili ndi matenda amodzi: timangotsatira dzanja lamanzere la wa kiyibodi, iye akasintha nafe tasintha, ndipo mpata uliwonse tikufuna tiudzaze kuti amayi a kwaya adziwe kuti tilipo. Molefi amagwira kamzere kake n'kukabwereza osatopa, kwinaku pamwamba pake magitala akuyaka moto. Ukamamumvera kwa nthawi umazindikira kuti ukanachotsa iyeyu, nyimbo zina za m'chimbalemu zikanamwazikana.

Pashopu pamabwera madala ena a ku Ntchisi, amene anafika kuno kale nthawi ya Theba ndipo sanabwererenso. Sasoketsa kanthu, amangobwera kudzakhala pabenchi n'kumafunsa za mvula ya kumudzi. Tsiku lina anandipeza Banna Ba Modimo ikulira, nyimbo yachiwiri, yolemera, ya malipenga okwera ndi kutsika. Anakhala chete, chipewa chili pabondo.

"Atelala, azungu anuwa malipenga awa anawaphunzira kuti?"

"Si azungu, agogo. Oimbawo ndi ana a konkuno, a malipengawo ndi akuda a ku America."

"Hoo. N'chifukwa chake. Uwu ndi mganda uwu. Ife tinkaliza a zipanda, titavala zoyera, makabudula ositidwa mpaka kuthwa. Kungoti awa alibe mfumu ya bwalo yowauza poimira."

Mawu omalizawo ndinawasunga, chifukwa agogowo anakhudza vuto lenileni la chimbalechi asanamve n'komwe theka lake. Ndibwereranso pamenepo.

Standby imatsitsa moto pang'ono. Apa mpomwe umamumva bwino Lindani, ndipo mawu ake ndi osalala, okoka, achisoni, osati okalipa ngati mmene oimba rock ambiri amachitira. Si nyimbo imene ndimaibwereza, koma ili pamalo ake, chifukwa pambuyo pa ziwiri zoyamba zija khutu limafuna kupuma.

Yachinayi ndi Lakeside, yomwe inalinso pa kachimbale ka Mystery kaja, ndipo ngati muno muli pop ndiye ili apa. Ili ndi poyambira, ili ndi pobwereza poti nawe n'kuimba nawo, ndipo imakhala m'mutu tsiku lonse. Mwana wa mlongo wanga, amene amayendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya ku Rosebank ndi ku Sandton, ndi munthu wa amapiano weniweni. Akabwera kudzatchaja foni n'kupeza CD imeneyi ikulira amandiseka.

"Ankolo, nyimbo zanuzi zimayamba nthawi yanji? Kapena akuyesabe zida?"

"Iwe khala pansi umvere."

"Ayi ankolo, ine ndili ndi oda."

Koma Lakeside yokha sanaitsutsepo, ndipo ndinamumva akuiimba ndi likhweru akuvala chipewa chake cha njinga panja. Nditamufunsa anakana.

Chimene chimandikoka mu nyimboyi ndi chakumapeto kwake, pamene mayendedwe amasintha, liwiro n'kukwera, magitala n'kusiya kulira mwachizungu kuyamba kulira mwa m'lokeshoni. Kulira kumeneko kwa ife si kwachilendo. Kwela, nyimbo ya kachitoliro kachitsulo imene Spokes Mashiyane ndi anzake anaitchukitsa m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, inafika kwathu m'masutikesi a anthu obwerera kumigodi komanso pawailesi. Ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba anaitenga n'kuisandutsa yawoyawo, mpaka kukaiimba ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma kalizidwe ka gitala kaja kadakali m'zala za anyamata ambiri a ku Blantyre amene sadziwa n'komwe kuti kanachokera kuno. Ndiye ndikamva Mpumi ndi Lindani akutembenuza nyimbo ya rock kuti ilowe njira imeneyo, sindimva ngati mlendo. Msewu wake ndi womwe uja mabasi athu amadutsa kuchoka ku Park Station, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, mpaka kukatitula pa Wenela.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndithu.

Pakati pa chimbalechi, makamaka Taxidermy ndi Kwa Nqingetje, n'kuwonjezapo Cursor chakutsogolo, zinthu zimachulukana mopitirira muyeso. Gitala iliyonse aipatsa eko, mawu awapatsa eko, pamwamba pake awonjezanso gitala ina, ng'oma nazo sizikupuma. Zili ngati popinda jinzi ukafika pamsoko paja pamene nsalu yapindana kanayi: makina amalira, singano imalowa movutikira, ndipo ngakhale udutse, ulusi wake suoneka bwino. Mbali iliyonse payokha ndi yabwino, koma zonse zaunjikidwa pamalo amodzi. Apa mpomwe agogo aja ananena zoona kuti palibe wowauza poimira. Ntchito imeneyo inali ya Brandon Curtis, ndipo ine ndikuona kuti iye anakondwera kwambiri ndi chifunga cha mawu kuposa kuti chida chilichonse chimveke pachokha. Ena amati chifungacho ndiye kukoma kwake. Ine monga wa besi ndimadandaula, chifukwa chifunga chikachuluka woyamba kusowa ndi ifeyo.

Kwa Nqingetje ndiyo yaitali kuposa zonse, ndipo imatenga nthawi kuti ifike pomwe ikupita. Ukaimvera usiku uli phee imakunyamula. Ukaimvera masana kasitomala ali pakhomo akufuna thalauza lake, umangoidumpha.

Dandaulo lachiwiri ndi mawu. Gululi limaimba m'Chingerezi ndi m'zilankhulo za kuno, ndipo zimenezo n'zabwino, ndi mmene mzinda uno umalankhulira. Koma mawu a Lindani anawakwirira pansi pa magitala, moti pena sudziwa ngati akuimba Chingerezi kapena Chizulu. Ife tinaleredwa ndi nyimbo zoti uthenga uli patsogolo. Paul Banda akamaimba ndi Alleluya Band ku Balaka, liwu lililonse linkafika, agogo kumudzi n'kumaligwiritsa ntchito polangiza adzukulu. Munthu amene anakula choncho akakumana ndi After Robots amakhala ngati wamanidwa kanthu. Ndipo pomwe mawu a Chingerezi akumveka, ena ndi ozungulira kwambiri, andakatulo zoti mwini wake yekha ndiye akudziwa chimene akutanthauza. Ndinafika pongowatenga mawuwo ngati chida china choimbira, osafunanso kudziwa nkhani yake, ndipo kuyambira pamenepo chimbalechi chinayamba kundikomera kwambiri.

Lachitatu si vuto la oimba koma ndi chenjezo kwa inu. Musachimvere pa sipika ya foni. Pafoni besi imatheratu, ng'oma yaikulu imasowa, chotsala ndi masimbale ndi magitala okhaokha, ndipo mudzanena kuti telala uja anatinamiza, ili ndi phokoso chabe. Ngakhale kawailesi kanga ka pashopu, kamene kamapikisana ndi kulira kwa makina osokera, kamabisa theka la zimene zili mu CD imeneyi. Ndinachimva bwinobwino tsiku limene ndinatsalira kutchalitchi titamaliza kuyeserera, n'kuchilumikiza ku masipika akuluakulu aja. Mpamene ndinazindikira kuti pansi pa chifunga chija Molefi amakhala akuyenda ndithu, ndipo mizere ina ya besi imene ndinkaiyesa yophweka ili ndi timakhotakhota tomwe pashopu sitinkamveka.

Mukapirira pakati paja, malipiro ake ndi Skeleton, nyimbo yachisanu ndi chiwiri. Iyi ndi ya ife. Ndi reggae, kapena kunena bwino dub, ija yoti besi ndi ng'oma zili kutsogolo, gitala ikungodula pang'onopang'ono, eko n'kumauluka pamwamba. Apa eko yomwe ndaidandaula ija ili pakwawo, chifukwa pali mpata woti iyendemo. Mmalawi sangalephere kuikonda, popeza reggae kwathu inakhazikika kalekale, ndipo Chileka yemwe uja wa a Kachamba ndiyenso anatipatsa Evison Matafale ndi Black Missionaries. Kusiyana kwake n'kwakuti reggae ya Ma Blacks imayenda mokhazikika, ukudziwa pomwe phazi litere, utha kuvina usiku wonse botolo lili m'manja osataya dontho. Ya BLK JKS siikhazikika. Tshepang amakhala ngati akufuna kuthawa, amaponyamo timikwapulo pamalo pomwe sumayembekezera, malipenga n'kubwera, magitala n'kukula mpaka reggae ija yasanduka rock, kenako n'kubwereranso. Mzere wa besi wa nyimboyi ndinauphunzira, ndipo pena ndimaulowetsa mwakabisira pa korasi ina yachitamando. Palibe mkulu wa mpingo amene anadandaulapo.

Yotsekera ndi Tselane. Magetsi onse aja azimitsidwa, kwatsala gitala yamatabwa ndi mawu ofatsa. Dzinali ndi la mtsikana wa m'nthano yodziwika kwa Asotho ndi Atswana. Tselane anatsala yekha m'nyumba, mayi ake akabwera ndi chakudya ankaimba kanyimbo pakhomo kuti mwanayo adziwe kuti ndi iwo n'kutsegula. Chimphona chodya anthu, Dimo, chinamva kanyimboko n'kuyesa kuimba, koma mawu ake anali aakulu, mtsikana sanatsegule. Chinapita kukawasalaza mawuwo mpaka anafanana ndi a mayi aja, ndipo chitseko chinatseguka. Mayi wina wa ku Lesotho amene amagulitsa magwinya pafupi ndi shopu yanga ndiye anandifotokozera, ndipo asanafike pakati ndinali nditaizindikira kale, chifukwa nafenso tili nazo nthano za mtundu womwewu, za fisi kapena chilombo choimba pakhomo ndi mawu obwereka, zija tinkayankha kuti "tili tonse" titazungulira moto. Gulu limene latha mphindi zonsezo likugwetsa denga, kumaliza ndi nyimbo ya agogo yogonetsa ana, n'kuiimba mwaulemu osaiseweretsa, pamenepo anaganiza bwino. Ndipo mu nyimbo imeneyi mawu a Lindani ali poyera, palibe chowaphimba, ndipo umamva kuti mnyamatayu amatha kuimba. Zimangokupweteketsa mtima kuti bwanji sanamusiye choncho m'nyimbo zinanso ziwiri kapena zitatu.

Chimbalechi chitatuluka zinthu zinawayendera. Pa 10 Juni 2010 anaimba pa Orlando Stadium ku Soweto, pa konsati yotsegulira World Cup, tsiku limodzi mpira usanayambe, pamodzi ndi akuluakulu ngati Alicia Keys ndi Shakira, dziko lonse lapansi likuonera. Chaka chomwecho anatulutsa kachimbale kena, Zol!, kopepukirako ndi kovinika. Munthu ukanaganiza kuti chimbale chachiwiri chili pafupi. Sizinatero. Lindani anachoka m'gululi. Otsalawo aliyense anagwira zake, Mpumi mpaka analowa zopanga mafilimu, Tshepang n'kumathandiza oimba ena mu situdiyo. Atabwererana, ndi Tebogo Seitei wa lipenga, anajambula nyimbo zatsopano ku Soweto Theatre, koma akuba anathyola n'kutenga zipangizo zomwe munali ntchito yonseyo. Anayambiranso. Chimbale chachiwiri, Abantu / Before Humans, chinatuluka mu 2021, patatha zaka 12. Choncho After Robots ndi chimbale chachikulu chokhacho chimene anyamata anayi oyamba aja anasiya ali limodzi, ndipo mwina n'chifukwa chake anaunjikamo chilichonse chimene anali nacho.

Chaka chomwecho cha 2009, mnzathu Esau Mwamwaya anatulutsa Warm Heart of Africa ndi gulu la The Very Best ku London, akuimba m'Chichewa pamwamba pa zida za pakompyuta zokonzedwa ndi anzake a ku Ulaya. Zimbale ziwirizi ndimakonda kuziika pamodzi. Cha Esau n'chowala, chosangalatsa, ukachiika pashopu makasitomala amamwetulira, ndipo Chichewa chake chimandifikitsa kumudzi. Cha BLK JKS n'chamdima, chovuta, makasitomala ena amapempha kuti nditsitse. Koma mukandifunsa chimene chimandiphunzitsa kuimba, ndi chachiwirichi, chifukwa muli anthu anayi amene anakhala m'chipinda chimodzi kwa zaka, akumverana, akulakwitsa, akukangana, mpaka aliyense anadziwa kupuma kwa mnzake. Zimenezo kompyuta singakupatse.

Ndipo n'zimene zikusowa kwathu masiku ano. Sindikunyoza achinyamata, nyimbo zawo zina ndimazikonda. Koma mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Area 25 akafuna kuimba lero amapita kwa mnzake wa laputopu, madzulo nyimbo yatuluka. Gulu la anthu anayi limafuna ng'oma, maampu, chipinda choti aneba asakuitanireni apolisi, galimoto yonyamula katundu, ndi ndalama yogawana anayi pamene ya mmodzi yomwe siikwana. Kuno ku Joni chipinda choyeserera umalipira pa ola, ndipo ife a kutchalitchi tili ndi mwayi chabe kuti zida ndi za mpingo. Anyamata athu ambiri amene amatha kuliza zida ali m'makwaya, kwina kulikonse kulibe powasungira. Ndikamamvera After Robots ndimaganiza za woliza ng'oma wathu, mnyamata wa ku Dedza amene masana amatchetcha kapinga m'mayadi a ku Randburg. Ndinamumveretsa Molalatladi, anaimvera maso ali pansi, mapazi akugunda, kenako anati, "Achimwene, ibwezeni pomwe ayambira paja." Sabata yotsatira ndinamupeza wafika msanga kutchalitchi akulimbana nayo. Sanaigwirebe yonse, koma kalizidwe kake kasintha, ndipo wa kiyibodi wayamba kudandaula kuti akumusokoneza.

Pali anthu amene amati rock ndi ya azungu, ndipo mwana wakuda akaigwira ndiye kuti akutengera. Mtsutso umenewo ndilibe nawo nthawi yambiri. Ndingoti mverani ng'oma za Tshepang, mundiuze mzungu wa ku London kapena ku Seattle amene akumutengera. Zimene gululi linabwereka kunja zikumveka, magitala okhuthala ndi nyimbo zazitali zosatsata ndondomeko ya wailesi, ndipo olemba nkhani a kunja ankakonda kuwafanizira ndi The Mars Volta ndi TV on the Radio. Koma pansi pake, pomwe nyimbo imapondera, mpa kuno.

Kwa amene mukufuna kuchiyesa, chili pa intaneti m'malo omvera nyimbo odziwika aja, ndipo CD yake imapezeka mwa apo ndi apo kwa ogulitsa zakale. Musayambire koyambirira ngati khutu lanu silinazolowere rock. Yambani ndi Lakeside, mupite pa Skeleton, kenako Tselane. Zitatuzi zikakulowani, bwererani pa Molalatladi muchimvere chonse motsatana, pa masipika enieni kapena mahedifoni otseka khutu lonse, osati timawaya ta R20 ta pa Small Street. Ngati ndinu wa besi kapena wa ng'oma, konzekerani kubweza malo amodzi kambirimbiri. Ngati mukufuna nyimbo yochapira kapena yoyendetsera galimoto ana ali kumbuyo, gulani china.

CD yangayi yokha musabwere kudzabwereka. Ya Esau ndinabwereketsa m'bale wina wa kumpingo, ndipo pano akuti ili ku Mzimba.